Mafunso ndi Mayankho: Kutchaja Mopitirira Muyezo Mabatire a Lithium Opangira Pakhomo m'Chigwa cha Shire

Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunakula m'dziko lonse, ndipo eni magolosale, ometa, otchajitsa mafoni ndi mabanja a ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje anayamba kufunafuna njira zosungira magetsi. Ena anachotsa mabatire a asidi m'ma UPS ndi m'mainveta, zipangizo zopereka magetsi a m'batire a ESCOM akazima, n'kuikamo a lithium omwe anadzilumikizira okha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu oterewa.

Kodi kutchaja mopitirira muyezo n'kutani kwenikweni?

Batire yopangira pakhomo ndi timabatire tambiri tolumikizidwa pamodzi, ndipo kabatire kalikonse kali ndi volteji imene sikayenera kupyola. Timabatire tozungulira ta 18650, timene timapezeka m'mabatire a laputopu, timagwira ntchito pa 3.6V kapena 3.7V ndipo timadzaza pa 4.2V. Ta mtundu wina wa lithium wotchedwa LiFePO4 timagwira ntchito pa 3.2V ndipo malire ake ndi 3.65V. Kabatire kakapyola malirewa, ngakhale katakhala kamodzi kokha pakati pa makumi asanu, katchajidwa mopitirira muyezo.

Kusiya batire ili pa malirewo usana ndi usiku, tchaja ili chilumikizire, nakonso kumaikalambitsa msanga ngakhale manambala asanapyole.

Batire ya asidi ndimaisiya pa tchaja usiku wonse popanda vuto. Bwanji ya lithium ikukana zomwezo?

Batire ya asidi ikadzaza, mphamvu yotsala imakaphwanya madzi a mkati mwake kukhala mpweya. N'chifukwa chake mumaimva ikubwata, ndipo ngati ili yotsegula mumangothiramo madzi a batire n'kupitiriza ntchito. Imavulala ndithu, koma ili ndi potayira mphamvu yoonjezerayo. Ya lithium ilibe potayira. Chilichonse cholowa itadzaza kale chimakasintha zinthu za mkati mwake, ndipo kusinthako sikubwerera.

Tchaja yoyenera lithium imayamba ndi kukankha magetsi pa mlingo umodzi mpaka volteji itafika pa malire, kenako imagwira voltejiyo pamene magetsi olowa akuchepa okha, ndipo akachepa kwambiri imasiyiratu. Ma UPS ndi mainveta ambiri akale anapangidwira asidi, choncho sasiya. Amasunga batire ya 12V pakati pa 13.5V ndi 13.8V nthawi yonse imene magetsi a ESCOM alipo.

Chimachitika n'chiyani mkati mwa kabatire kakapyola malire?

Lithium amene amayenera kulowa bwinobwino m'mbali ya negetivu amasowa malo, motero amayamba kumatirira pamwamba ngati chitsulo, ndipo akhoza kumera timinga tobowola kapepala kopyapyala kolekanitsa mbali ziwiri za kabatire. Mbali ya pozitivu imayamba kuwonongeka n'kutulutsa okosijeni, pamene madzi a mkati, omwe ndi oyaka, amasanduka mpweya. Timabatire tofewa ta m'mafoni timatupa. Ta 18650 tili m'chitsulo, kotero sitioneka kutupa; tabwino tili ndi kachipangizo pansi pa mutu kamene kamaduka mpweya ukachuluka, ndipo kabatire kamangoonetsa 0V.

Kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 130, kapepala kolekanitsa kaja kamayamba kusungunuka. Apo kabatire kamadzitenthetsa kokha popanda tchaja, kamatenthetsa anzake oyandikana nako, ndipo moto umayenda kuchoka pa kena kupita pa kena. Ta LiFePO4 sititulutsa okosijeni msanga, n'chifukwa chake sitiyaka wamba, koma timatupa, timatulutsa mpweya woyaka ndipo timawonongeka.

Ndalumikiza magulu atatu a 18650 n'kuika mu UPS ya 12V, ndipo ikugwira ntchito. Vuto lili pati?

Ili ndi funso limene limatidetsa nkhawa kuposa ena onse, chifukwa kalumikizidwe kameneka kamagwiradi ntchito masiku oyamba ndipo mwini wake amakhulupirira kuti zatheka. Gulu ndi timabatire tolumikizidwa pozitivu ku pozitivu ndi negetivu ku negetivu kuti tigwire ntchito ngati kamodzi. Magulu atatu olumikizidwa motsatizana, chomwe amisiri amalemba kuti 3S, amadzaza pa 12.6V. UPS ikakankha 13.8V, gulu lililonse limalandira 4.6V, ngakhale itakankha 13.5V yokha, gulu lililonse limalandira 4.5V. Manambala onsewa ali kutali pamwamba pa 4.2V, ndipo UPS sidzasiya kukankha chifukwa kwa iyo batire sinadzaze.

Ngati muli ndi BMS, kabolodi koteteza batire podula magetsi gulu likapyola malire, ndiyo yokha imene yaima pakati pa inu ndi moto, ikudula ndi kulumikiza kosalekeza tsiku lonse. Ngati mulibe, zimitsani UPS imeneyo lero lomwe, chotsani batire, ndipo muitulutse panja.

Nanga ndikaonjezera gulu lachinayi?

Magulu anayi a 18650 amadzaza pa 16.8V, choncho UPS ya asidi singawapyoletse malire ngati ali ofanana mphamvu. Koma pa 13.8V gulu lililonse limangofika 3.45V, pomwe kabatire ka mtundu umenewu kamakhala kali ndi mphamvu yochepa chabe. Magetsi akazima, UPS imalira n'kuzima posakhalitsa, ndipo timabatire timatsitsidwa pansi kwambiri. Mwawononga ndalama, ngakhale kuti simunayatse moto.

Amene amagwirizana bwino ndi zipangizo za 12V ndi magulu anayi a LiFePO4, omwe amagwira ntchito pa 12.8V ndipo malire awo ndi 14.6V. Pa 13.8V gulu lililonse limakhala pa 3.45V, ndipo ku mtundu umenewu kumeneko n'kudzaza popanda kupyola. Pa zipangizo za 24V pamafunika magulu 8 a LiFePO4, omwe malire awo ndi 29.2V, kapena magulu 7 a 18650, omwe malire awo ndi 29.4V. Malangizo athu kwa munthu wa kuno kuchigwa ndi akuti asankhe LiFePO4 ngakhale mtengo wake uli wokwera, chifukwa siyaka wamba ndipo kuno kumatentha kwambiri.

Dziwaninso kuti UPS yaing'ono ya kompyuta inapangidwa kuti igwire ntchito mphindi zowerengeka. Mukaipatsa batire yaikulu n'kuiyendetsa maola anayi, thiransifoma yake imatentha ngakhale batire ili bwino.

Ndagula BMS. Kodi siyokwanira kuteteza batire?

BMS ndi kabolodi koyang'anira gulu lililonse, kamene kamadula magetsi gulu lina likakwera kapena kutsika kwambiri, kapenanso magetsi otuluka akachuluka. Batire ya lithium yopanda BMS siyenera kulowa m'nyumba. Komabe ntchito yake ndi kupulumutsa zinthu zikalakwika. Sinapangidwe kuti izidula tsiku ndi tsiku m'malo mwa tchaja. Tizipangizo todulira magetsi ta pa bolodipo timatentha, ndipo tikapsa nthawi zambiri timapsa tili tolumikiza. Kunja simuona kusintha kulikonse, magetsi amalowa ndi kutuluka monga kale, koma chitetezo chatha.

Pali zolakwika zitatu zimene zimabwera kawirikawiri pogula ndi polumikiza. Choyamba ndi kuika BMS ya 18650 pa LiFePO4: imeneyi imadikira kuti gulu lipyole 4.2V isanadule, pamene malire enieni ndi 3.65V. Chachiwiri chimakhudza ma BMS okhala ndi potulukira pawiri, polembedwa C- potchajira ndi P- pogwiritsira ntchito. UPS ndi inveta zimatchaja ndi kukoka magetsi pa mawaya awiri omwewo, ndiye mukazilumikiza pa P- ya BMS yotere, magetsi otchaja amalambalala chitetezo chonse. Gulani BMS ya potulukira pamodzi. Chachitatu ndi timawaya tating'ono toyezera magulu: kamodzi kakamasuka kapena kakasinthanitsidwa, BMS imawerenga zabodza.

Mita ikuonetsa 14.2V, yomwe ili pansi pa malire, koma gulu limodzi likutentha. Zikutheka bwanji?

Tchaja imaona volteji ya batire yonse, sioona gulu lililonse palokha. Tiyerekeze kuti magulu atatu a LiFePO4 ali pa 3.40V lililonse pamene lachinayi lili pa 4.00V. Mukaphatikiza mupeza 14.2V, ndipo tchaja ikhutira kuti zonse zili bwino pamene gulu lachinayi lapyola kale malire. Zili ngati kuthira madzi ofanana m'mitsuko inayi, umodzi uli waung'ono: umasefukira ina isanadzaze.

Pa LiFePO4 zimenezi zimachitika mwadzidzidzi, chifukwa volteji yake imakhala pafupifupi malo amodzi, cha pa 3.3V, nthawi yaitali ya kutchaja, n'kudzakwera mofulumira kumapeto. Mukayeza magulu batire ili pakatikati, onse amaoneka ofanana. Kusiyana kumaonekera mphindi zomaliza zokha. Choncho muziyeza gulu lililonse pamene batire ikumaliza kudzaza, osati m'mawa itagwira ntchito usiku wonse.

Ma BMS otchipa amafananitsa magulu ndi magetsi ochepa kwambiri, mamiliampu makumi owerengeka, omwe sangakonze kusiyana kwakukulu pa batire yaikulu. Kufananitsa kwenikweni kumachitika musanamange batire: dzazani kabatire kalikonse kapena gulu lililonse palokha mpaka onse afike pa volteji imodzi ya pamwamba, ndipo mukatero ndiye muwalumikize motsatizana.

Timabatire tochotsa m'malaputopu akale tingagwiritsidwe ntchito?

Tingagwiritsidwe ntchito ndi munthu woleza mtima amene ali ndi zoyezera, koma ndi gwero lalikulu la kusiyana kwa magulu kumene tafotokoza pa funso lapitali. Timabatire timeneti timachokera ku mafakitale osiyana, tagwira ntchito zaka zosiyana, ndipo tina tatha mphamvu ndi theka ngakhale tikuonekabe tatsopano.

Kabatire kamene mwakapeza kali pansi pa 2V musakadzutse, chifukwa mkuwa wa mkati mwake ukhoza kukhala utasungunuka n'kusiya njira ya shoti. Kamene kachita dzimbiri, kaphwanyika kapena kang'ambika chikopa pafupi ndi mutu kaikeni padera. Totsalato tidzazeni, muyeze mphamvu ya kalikonse ndi tchaja yoyezera, kenako mutisiye milungu iwiri n'kutiyezanso. Kamene katsika kokha kuposa anzake kali ndi chilema mkati. Kamene kakutentha potchaja nakonso n'kotaya. Pomanga magulu, gawani timabatire moti gulu lililonse likhale ndi mphamvu yofanana ndi linzake, ndipo ndi bwino kuti kabatire kalikonse kalumikizidwe kudzera pa kawaya kopyapyala kogwira ntchito ngati fyuzi. Kuwotcherera ndi chitsulo chotentha pamutu pa kabatire kwa nthawi yaitali kumaononga za mkati. Amisiri osamala amagwiritsa ntchito makina omata timalamba ta nikelo mwa kuthwanima kamodzi.

Pa timabatire togulitsidwa ngati tatsopano, chenjerani ndi manambala. Ta 18650 teniteni timafika cha pa 3500mAh, womwe ndi muyezo wa mphamvu imene kabatire kamasunga. Kolembedwa 9900mAh n'kachinyengo, ndipo kawirikawiri mukakanyamula mumamva kupepuka.

Ndimatchaja ndi sola. Kodi ndingalumikize panelo molunjika monga tinkachitira ndi batire ya galimoto?

Ayi. Panelo yotchedwa ya 12V imatulutsa cha pa 18V ikugwira ntchito, ndipo imapyola 20V ikakhala yopanda cholumikizidwa. Dzuwa la kuno likafika pamutu, panelo yopanda kontirola, kachipangizo koyang'anira magetsi opita ku batire, imakankha batire ya lithium mpaka itapyola malire, ndipo sidziwa poimira.

Kukhala ndi kontirola sikuthetsa nkhani ngati yatcheredwa pa asidi. Pa mabatire a asidi otsegula, makontirola ambiri ali ndi nthawi yokweza volteji kupyola 15V kuti afananitse zipinda za batire, chomwe pa sikirini chimalembedwa equalize, chimenechi chizimitseni. Alinso ndi dongosolo losintha volteji potsata kutentha kapena kuzizira kwa nyengo, lomwe lithium salifuna. Pa magulu anayi a LiFePO4, ikani volteji yodzazira pakati pa 14.0V ndi 14.4V, ndipo yosungira ikhale cha pa 13.5V. Pa 18650, kuimira pa 4.1V pa gulu lililonse kumachotsa mphamvu pang'ono koma kumatalikitsa moyo wa batire ndi kusiya mpata wa chitetezo. Kontirola kapena inveta imene salola kusintha manambalawa, ndipo ilibe posankha lithium, isiyireni batire ya asidi.

Palinso chifukwa china chotcherera kontirola pansi pa malire a BMS. BMS ikadula mwadzidzidzi dzuwa likuswa, kontirola imatsala yopanda batire, ndipo volteji ya panelo ikhoza kudumphira ku mababu, wailesi kapena inveta n'kuziotcha.

Kodi kutentha kwa kuno kuchigwa kumaonjezera ngozi?

Kumaonjezera kwambiri. Opanga mabatire a lithium ambiri amalola kutchaja pakati pa madigiri 0 ndi 45. Ku Ngabu, Nchalo ndi Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 pamthunzi, ndipo m'golosale ya malata opanda siling'i, masana, mumatentha kuposa pamenepo. Onjezanipo kutentha kwa thiransifoma ya UPS, batire itapanikizidwa m'kabokosi komweko, ndipo mupeza kuti malire apyoledwa tchaja isanalakwitse chilichonse. Nthawi imene sola ikutchaja mwamphamvu ndi nthawi yomweyonso imene m'nyumba mwatentha koposa.

Batire yodzaza komanso yotentha imakalamba msanga, ndipo gulu limene lili pafupi ndi thiransifoma limakalamba msanga kuposa anzake, motero kusiyana kwa magulu kumakula mwezi ndi mwezi. Tulutsani batire m'bokosi la UPS muilumikize ndi mawaya okhuthala okhala ndi fyuzi pafupi ndi pozitivu. Iikeni m'chipinda chozizirirapo chopita mphepo, pa simenti kapena pa njerwa, kutali ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa la masana, kutali ndi petulo, matumba a thonje, matiresi ndi denga la udzu. Isakhale kuchipinda chogona kapena pakhomo lokhalo lotulukira. Pogula BMS funani yokhala ndi kawaya koyezera kutentha, ndipo kawayako kamatidwe pa timabatire ta pakati.

Ndingadziwe bwanji kuti batire yanga yayamba kuwonongeka?

Ikhudzeni pamene ikumaliza kutchaja. Batire yabwino imafunda pang'ono chabe. Malo amodzi otentha kuposa ena ndi chenjezo. Fungo lotsekemera ngati la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo limasonyeza kuti kabatire kena kayamba kutulutsa madzi ake. Onaninso chikopa chosungunuka, madontho pa mitu, kutupa kwa timabatire ta makona anayi, ndi kaphokoso kofwenthera. Inveta imene imazima n'kuyaka yokha masana batire ikadzaza imakhala ikukuuzani kuti BMS ikudula chifukwa gulu lina lakwera.

Chizindikiro choyambirira kuposa zonsezi chili pa mita. Lembani m'kope volteji ya gulu lililonse kamodzi pa mlungu, pa nthawi imene tatchula pa funso la 14.2V. Gulu likamasiyana ndi anzake ndi 0.1V kapena kuposa, ndipo kusiyanako kukukula, siyani kutchaja mpaka mutapeza chifukwa. Mita nayo iziyesedwa, chifukwa batire yake ya mkati ikafooka imawerenga molakwika. Iyerekezeni ndi ya mnzanu.

Ikayamba kufuka utsi kapena kuyaka ndichite chiyani?

Tulutsani anthu onse poyamba, makamaka ana, ndipo musapume utsiwo chifukwa uli ndi poizoni wowononga mapapo ndi maso. Zimitsani magetsi a ESCOM pa swichi yaikulu ndi kudula mawaya a sola ngati mungathe kutero osayandikira. Batire imene yangotentha koma sinayambe kufuka mukhoza kuitulutsa ndi fosholo n'kuiika pa dothi patali ndi nyumba; imene yayamba kufuka musainyamule, pakuti timabatire ta 18650 timatha kuphulika n'kuuluka.

Magetsi akazimitsidwa, madzi ambiri othiridwa muli patali amathandiza kuziziritsa timabatire totsala ndi kuteteza katundu woyandikana. Mchenga umaletsa malawi kufalikira koma suziziritsa mkati. Moto wa lithium umatha kubuka kachiwiri patapita maola, choncho zotsalazo zikhale panja, zoyang'aniridwa, kufikira tsiku lotsatira. Aliyense amene wapuma utsi n'kumatsokomola kapena kubanika apite kuchipatala.

Batire yanga inamira pa madzi osefukira. Ndikaiyanika ndingaitchajenso?

Funso limeneli linabwera kwambiri pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo lidzabwerabe kwa okhala m'mbali mwa Shire, Ruo ndi Mwanza. Yankho lathu ndi lakuti musaitchaje. Madzi amatope amalowa pansi pa zikopa ndi m'mitu ya timabatire, amadyetsa dzimbiri malo olumikizira, ndipo amasiya dothi pa BMS limene limaisokoneza ngakhale itauma. Batire yotere ikhoza kuonetsa volteji yabwino n'kudzayaka patapita masiku. Isungeni panja. Nyengo ya mvula isanafike, kwezani batire ndi inveta pa shelefu ya njerwa kapena ya chitsulo, ndipo mukamasamukira kumtunda zimitsani ndi kumasula mawaya.

Batire imene yapyola kale malire ingakonzeke?

Gulu limene lapyola malire pang'ono kwa kanthawi kochepa, osatentha ndi osatupa, likhoza kutsitsidwa pang'onopang'ono ndi babu laling'ono n'kuyesedwa monga tafotokozera pa funso la malaputopu. Koma gulu la 18650 limene lakhala pa 4.5V, kapena kabatire kalikonse kotupa, konunkha kapena kotentha, sikabwerera mwakale. Musakabowole kuti mpweya utuluke, musakapanikize kuti kaphwe, ndipo musatsegule mokakamiza kachipangizo ka pansi pa mutu kuti ka 0V kadzuke, monga ena amachitira ndi sikurudiraiva.

Musanaikemo gulu latsopano, pezani chimene chinapha lakale. Yezani volteji imene UPS, inveta kapena kontirola ikutulutsa pamapeto pa kutchaja, muigawe ndi chiwerengero cha magulu anu, ndipo muone ngati yankho lili pansi pa 4.2V kapena 3.65V malinga ndi mtundu wa timabatire. Yesaninso BMS muli pomwepo ndi mita m'manja, panja, kuti mutsimikize kuti ikuduladi.

Timabatire totayidwa timatidwe tepi kumitu yonse iwiri ndipo tisungidwe m'chitini chachitsulo chothira mchenga wouma, pamthunzi, patali ndi ana. Tisaponyedwe pamoto wa zinyalala, m'chimbudzi kapena mumtsinje. Funsani kwa ogulitsa zipangizo za sola kapena ku ofesi ya zachilengedwe ya khonsolo ya boma lanu za komwe mungakatisiye.